Belu la mbuzi m'khosi mwa munthu: mbiri ya chiphaso cha ku Kenya

Munthu amene akanafika mumzinda wa Nairobi m'zaka za m'ma 1920 akanaona chinthu chimodzi pachifuwa pa mwamuna aliyense wachikuda: kabokosi kachitsulo kofanana ndi paketi ya ndudu, kolendewera pa chingwe cha m'khosi. M'kati mwake munali pepala lopindidwa, ndipo papepalapo panalembedwa dzina la mwini wake, mtundu wake, dera limene ankachokera ndi mayina a mabwana amene anawagwirirapo ntchito. Panalinso zidindo za zala zake. Pa Chiswahili pepalali linkatchedwa kipande, kutanthauza chidutswa. Akikuyu analipatsa dzina lawolawo lakuti mbugi, lomwe ndi belu limene amamangirira mbuzi m'khosi kuti mbusa azimva kumene yalowera.

Ife kuno ku Malawi chiphaso cha unzika tachilandira posachedwa, m'chaka cha 2017, ndipo chazika kale mizu m'moyo wathu. Popanda icho n'kovuta kulembetsa nambala ya foni, kutsegula akaunti kubanki, kugula feteleza wotsika mtengo kapena kulembetsa m'kaundula wa chisankho. Pali mafunso atatu amene amatsata chiphaso kulikonse kumene chafika. Kodi chimatetezadi anthu? Chimadya ndalama zingati, ndipo amalipira ndani? Nanga zonse zimene talembetsa, kuphatikizapo zala ndi nkhope zathu, amasunga ndani, ndipo adzazigwiritsa ntchito yanji? Anzathu a ku Kenya akhala akulimbana ndi mafunso amenewa kwa zaka zoposa 100, ndipo mbiri yawo ili ndi zambiri zotiuza.

Lamulo lokhazikitsa kipande linapangidwa m'chaka cha 1915, koma chifukwa cha nkhondo yoyamba ya dziko lonse linayamba kugwira ntchito mokwanira cha m'ma 1920. Mwamuna aliyense wachikuda wopitirira zaka 15 ankayenera kulembetsa. Cholinga chake sichinali chobisika. Atsamunda anali atalanda malo achonde a kumapiri n'kutsegula minda ikuluikulu ya khofi ndi mbewu zina, ndipo ankasowa antchito. Msonkho unkakankhira anthu kumindako, koma malipiro anali ochepa ndipo nkhanza zinali zambiri, choncho ambiri ankathawa nyengo yawo isanathe. Kipande chinabwera kudzatseka njira yothawirayo. Munthu akayamba ntchito, bwana ankalemba papepalapo tsiku loyamba ndi malipiro ake. Akafuna kuchoka, bwana yemweyo ndiye ankayenera kusayina kuti wamumasula. Wochoka popanda siginecha ankatengedwa ngati wothawa ntchito, ndipo apolisi ankamusaka. Popeza malipiro akale ankaoneka papepalapo, bwana watsopano analibe chifukwa choperekera ndalama zoposa pamenepo. Kusintha dzina sikunkathandizanso, chifukwa zidindo za zala zinkasungidwa pamalo amodzi ku Nairobi. Wapolisi aliyense ankatha kuimitsa munthu panjira n'kumufunsa kipande, ndipo wopezeka alibe ankalipira chindapusa kapena kupita kundende.

Agogo athu amene anapita kukagwira ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo ankaudziwa moyo wotere, pakuti nakonso munthu wachikuda sankayenda popanda chitupa. N'chifukwa chake mpaka lero akuluakulu ena chiphaso chilichonse amangochitcha chitupa.

Ku Kenya anthu sanakhale chete. M'chaka cha 1921 mnyamata wina wogwira ntchito m'boma, Harry Thuku, anatsogolera gulu lotchedwa East African Association. Gululi linkadandaula za kipande, za kukwera kwa msonkho, za kukakamiza amayi ndi atsikana kugwira ntchito, ndiponso za ganizo la atsamunda lodula malipiro a antchito. Pa 14 Malichi 1922 Thuku anamangidwa. Khamu la anthu linasonkhana kunja kwa polisi kumene ankamusunga, ndipo pa 16 Malichi mayi wina, Mary Muthoni Nyanjiru, ataona kuti amuna akuzengereza, anawadzudzula poyera n'kutsogolera khamulo. Apolisi anawombera. Boma linanena kuti anafa anthu 21, mmodzi mwa iwo Nyanjiru, koma anthu akuda ankati ophedwa anali ochuluka kuposa pamenepo. Thuku anamutumiza kutali, ku Kismayu, ndipo kipande chinakhalabe m'khosi mwa anthu.

Patapita zaka 25, mu 1947, boma la atsamunda linasintha lamulo kuti amuna a mitundu yonse, akuda, amwenye ndi azungu omwe, azilembetsa. Apa panaoneka chinthu chophunzitsa. Azungu ambiri anakwiya kwambiri atamva kuti nawonso adindidwa zala. Iwo ankati kudinda zala n'kwa akuba ndi zigawenga, ndipo n'kunyoza ufulu wa munthu. Anthu omwewo anali ataonerera anthu akuda akudindidwa zala kwa zaka pafupifupi 30 osaonapo cholakwika. Ululu wa chiphaso anauzindikira tsiku limene chinagogoda pakhomo pawo.

Kenaka inafika nthawi ya nkhondo ya Mau Mau, ndipo mawu akuti chitetezo anayamba kumveka paliponse. Pa 24 Epulo 1954 asilikali anazinga mzinda wa Nairobi n'kuyamba kusankhula anthu. Amene anali a mtundu wa Kikuyu, Embu kapena Meru ankaikidwa padera, ndipo zikwizikwi anatengedwa kupita kumisasa ya ukaidi kapena kubwezedwa kumidzi. Chaka chomwecho anthu a mitundu itatuyi anapatsidwa kabuku kapadera koyendera. Mzere wa mtundu, umene unalembedwa pofuna kulondola antchito othawa, tsopano unakhala chida chosankhira woti amangidwe. Amene anaulemba poyamba mwina sanaganizeko za ntchito imeneyi, koma kaundula akalembedwa sasankha womuwerenga.

Kenya inalandira ufulu wodzilamulira pa 12 Disembala 1963. Ambiri ankayembekeza kuti kipande chipita ndi atsamunda, koma boma latsopano linachisunga. Kabokosi ka m'khosi kanali katapita kale, ndipo pang'ono ndi pang'ono tanthauzo la chiphaso linatembenuka. Chimene kale chinali chizindikiro cha ukapolo chinasanduka umboni wakuti munthu ndi mwini dziko. Mu 1978 lamulo linasinthidwa kuti amayi nawonso azilembetsa, ndipo ichi chinali chinthu chachikulu, chifukwa mayi wokhala ndi chiphaso chakechake amatha kuchita zinthu m'dzina lake popanda kudalira mwamuna. Kuyambira pamenepo vuto linasintha nkhope. Kale anthu ankalira chifukwa chokakamizidwa kunyamula chiphaso. Tsopano ena anayamba kulira chifukwa chomanidwa.

Omanidwa kwambiri anali anthu a kumalire. Kumpoto chakum'mawa kwa Kenya kumakhala Asomali, amene abale awo ali tsidya lina la malire, m'dziko la Somalia. Kuyambira 1963 mpaka 1967 kuderali kunali nkhondo ya anthu ofuna kuti dera lawo liphatikizidwe ndi Somalia, ndipo nkhondoyo itatha chikayikiro cha boma sichinathe. Mu 1989 boma linalamula kuti Msomali aliyense wamkulu akaonekere pamaso pa akuluakulu a boma ndi kupereka umboni wakuti ndi Mkenya. Wokhutiritsa akuluakuluwo ankapatsidwa khadi lapadera la mtundu wa pinki, loti azinyamula pamodzi ndi chiphaso chake. Ena amene analephera anathamangitsidwa m'dzikomo.

M'zaka zotsatira panakhazikika chizolowezi cha makomiti ofufuza. Mnyamata wa kumadera ena akakwanitsa zaka 18 ankangopita ku ofesi ndi mapepala a makolo ake n'kudikira chiphaso chake. Koma wa ku Garissa, Wajir kapena Mandera, ndiponso ambiri a kugombe la nyanja monga ku Mombasa ndi ku Lamu, ankayenera kuyamba waonekera pamaso pa komiti ya mafumu, akuluakulu a m'dera ndi achitetezo. Kumeneko ankatha kumufunsa mapepala a agogo ake, anthu amene anabadwa nthawi imene kumidzi kunalibe wolemba za kubadwa kwa ana. Ambiri mwa ofufuzidwawa anali Asilamu, ndipo nthawi zambiri dzina lokha linali lokwanira kuti munthu atumizidwe kukomiti. Ena ankadikira miyezi, ena zaka, ndipo pa nthawi yonseyo sankatha kulembedwa ntchito, kupitiriza maphunziro apamwamba kapena kuvota.

Nkhani ya Anubi ndi yomvetsa chisoni mwapadera. Makolo awo anachokera ku Sudan ngati asilikali a Angerezi, ndipo anatumikira m'gulu la King's African Rifles, gulu lomwelo limene agogo athu ambiri analowa ku Zomba. Atapuma usilikali anapatsidwa malo pafupi ndi Nairobi, amene anawatcha Kibra, kutanthauza nkhalango, ndipo ndi pamene lero pali Kibera. Zidzukulu zawo sizidziwa kwawo kwina, komabe zinkafunsidwa umboni wa unzika ngati alendo ofika dzulo. Mu 2011 komiti ya bungwe la African Union yoona za ufulu wa ana inagamula kuti dziko la Kenya linkaphwanya ufulu wa ana a Anubi, ndipo mu 2015 bungwe la Africa loona za ufulu wa anthu linagamulanso mokomera Anubi.

Boma linali ndi yankho lake, ndipo tiyenera kulimva mwachilungamo. Malire a Kenya ndi Somalia ndi aatali, ndipo kuyambira 1991 ku Somalia kunalibe boma lolimba. Zigawenga za al-Shabaab zinapha anthu 67 pamalo ogulitsira malonda a Westgate mu 2013, ndi anthu 148 pa yunivesite ya Garissa mu 2015. Dziko lililonse lili ndi udindo wodziwa amene akulowa m'malire ake. Koma funso limene anthu ankafunsa linali lakuti, kodi komiti imagwira ndani? Bungwe la boma loona za ufulu wa anthu ku Kenya litafufuza nkhaniyi mu 2007 linapeza tsankho ndi ziphuphu pa kaperekedwe ka ziphaso. Pamene pali ziphuphu, munthu wa zolinga zoipa amene ali ndi ndalama amadutsa mosavuta, ndipo wotsalira pakhomo amakhala mwana wa mbusa wosauka amene alibe chopereka. Kuwonjezera apo, wachinyamata amene dziko lake lamukana savuta kumunyengerera.

Pali chitsanzo china chimene chimaonetsa bwino kuopsa kwa kaundula. Kufupi ndi Garissa kuli misasa ya anthu othawa kwawo ya Dadaab, imene inatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pa nthawi za chilala, mabanja ena a Chikenya ozungulira misasayo ankaona kuti othawa kwawo akulandira chakudya ndi mankhwala pamene iwo akugona ndi njala. Ena analembetsa ana awo ngati othawa kwawo kuti apeze chakudya. Anawo anadindidwa zala. Atakula n'kupita kukafuna chiphaso, kompyuta inaonetsa kuti zala zawo zili m'kaundula wa othawa kwawo, ndipo anakanidwa. Anthu zikwizikwi anakhala ngati alendo m'dziko lobadwira chifukwa cha chala chimene anadinda ali ana, pofuna thumba la ufa. Mayi amene anagwira dzanja la mwana wake tsiku limenelo sankadziwa kuti chidindocho chidzasungidwa zaka zonsezo n'kudzawerengedwa ndi ofesi ina pa nkhani ina.

M'chaka cha 2019 boma la Uhuru Kenyatta linayambitsa ndondomeko yatsopano yotchedwa Huduma Namba. Cholinga chinali chakuti munthu aliyense akhale ndi nambala imodzi yolumikiza zonse zimene boma limadziwa za iye, ndipo anthu anauzidwa kuti popanda nambalayo sadzalandira thandizo la boma. Lamulo lake linkalola ngakhale kutenga DNA ya munthu, yomwe ndi chizindikiro cha m'magazi chosonyeza chibadwa chake ndi abale ake, komanso kulemba malo enieni pamene pali nyumba yake pogwiritsa ntchito GPS. Pa nthawiyo dzikolo linalibe lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa m'makompyuta. Anthu oposa 30 miliyoni anafola pamizere n'kulembetsa.

Amene anatsogolera kukasuma kubwalo anali Anubi omwe aja, kudzera m'bungwe lawo la Nubian Rights Forum, pamodzi ndi mabungwe awiri oona za ufulu wa anthu. Dandaulo lawo linali lomveka: ngati polembetsa nambala yatsopano pakufunika chiphaso chakale, ndiye kuti womanidwa kale adzamanidwa kawiri, ndipo ulendo uno adzatsekeredwa kunja kwa chilichonse. Mu Januwale 2020 bwalo lalikulu linagamula kuti kutenga DNA ndi GPS n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndiponso kuti ndondomekoyo isapitirire mpaka patakhala malamulo okwanira oteteza anthu. Mu Okutobala 2021 bwalo linagamulanso kuti boma linalakwa kuyamba kugawa makhadi lisanaunike kuopsa kumene ndondomekoyo ingabweretse pa zinsinsi za anthu. Boma la William Ruto litalowa linaisiya Huduma Namba n'kuyambitsa ina yotchedwa Maisha Namba. Ndalama zoposa mashilingi 10 biliyoni zinali zitapita kale, ndipo zinali za okhometsa msonkho.

Mtengo wa chiphaso suthera pa ndalama za boma zokha. Chakumapeto kwa 2023 boma linalengeza kuti wotenga chiphaso koyamba azilipira mashilingi 1,000. Anthu atadandaula kwambiri mtengowo unatsitsidwa kufika pa 300, ndipo mu 2025 unachotsedwa. Koma ngakhale chiphaso chikhale chaulere, wokhala kutali ndi ofesi amalipira ulendo, amataya tsiku la ntchito, ndipo akauzidwa kuti abwerenso mawa amalipira kawiri. Pa 5 Febuluwale 2025, ali ku Wajir, Ruto anasayina chikalata chothetsa makomiti ofufuza a kumadera a kumalire aja. Ena anakondwera, ena anati wachita izi pofuna mavoti ndipo waika chitetezo cha dziko pachiswe. Mkangano umene unayamba ndi kabokosi kachitsulo ukupitirirabe.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chiphaso chathu chinayamba bwino poyerekeza ndi kipande. Chinabwera pansi pa lamulo la kalembera la 2010, chimaperekedwa kwa amuna ndi akazi mofanana kuyambira zaka 16, ndipo mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni m'miyezi yochepa. Kumidzi umboni wa mfumu unathandiza ambiri amene analibe mapepala. Ntchitoyo inadya pafupifupi madola 50 miliyoni a ku America, ndipo gawo lalikulu linachokera kwa abwenzi akunja kudzera ku UNDP. Phindu lake ndi looneka: mayi wa ku Makanjira amene sanakhalepo ndi pepala lililonse la boma tsopano ali ndi umboni wa dzina lake.

Komabe mafunso atatu aja sanatilambalale. Pa nkhani ya mtengo, makhadi athu anatuluka ali ndi tsiku lothera ntchito, ndipo ambiri anayamba kutha patangopita zaka zochepa, anthu n'kuyambanso maulendo a kwa DC. Pa nkhani ya chitetezo, kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa milungu ingapo, ndipo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti analowa m'makompyuta a nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko n'kumafuna dipo. Munthu akabedwa kiyi amasintha loko, koma zala zake sangazisinthe. Pa nkhani ya zinsinsi, lamulo loteteza zimene anthu amalembetsa linabwera mu 2024, patapita zaka zisanu ndi ziwiri chilembereni anthu mamiliyoni aja. Ndipo akuluakulu athu sanaiwale masiku a chipani chimodzi, pamene khadi la chipani linkafunsidwa pachipata cha msika ndi pokwera basi. Amadziwa mmene kakhadi kamasandukira mpanda.

Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi chifukwa chinanso chotchera khutu. Ku Namwera, ku Chiponde, ku Makanjira ndi ku Nayuchi malire a Malawi ndi Mozambique anadutsa pakati pa mabanja a chilankhulo chimodzi ndi magazi amodzi, monga mmene zilili ndi Asomali a ku Kenya. Mayina athu ambiri amalembedwa m'njira zingapo, kotero kuti munthu mmodzi amapezeka ndi dzina lina pa satifiketi ya sukulu, lina pa chiphaso, linanso pa pasipoti. Kalaliki wakale ankamvetsa kuti ndi munthu yemweyo, koma kompyuta imaona anthu atatu.

Mbiri ya kipande ikusonyeza kuti kaundula amakhalitsa kuposa boma limene linamulemba, ndipo zolembedwa lero zidzawerengedwa ndi anthu amene sitikuwadziwa. N'chifukwa chake nzika ili ndi ufulu wofunsa aphungu ake kuti zimene boma limasunga n'zotani, ndani amaloledwa kuziona, ndipo wolakwiridwa akadandaule kuti. Ili ndi ufulu wokana kuti dera lina kapena anthu a mayina ena azifunsidwa umboni woposa wa anzawo. Anubi a ku Kibera ndi ochepa ndiponso osauka, koma anapita kubwalo la milandu ndipo chigamulo chimene anapeza chinateteza Akenya onse.

Pakhomo pathu palinso zochita. Mwana akabadwa tiyeni timulembetse msanga, kuti asadzafunsidwe mapepala a agogo amene kulibe. Tionetsetse kuti dzina lake lalembedwa mofanana kuchipatala, kusukulu ndi kuboma, ndipo pamene palakwika tikonzetse mwanayo asanafike pa mayeso. Chiphaso tisachisiye kwa wakatapila ngati chikole, kapena kuchibwereketsa kwa vendala wofuna kugulira feteleza, chifukwa chilichonse chimene angachite nacho chidzalembedwa pa dzina lathu. Ndipo wina akafuna kuchijambula kapena kutidinda chala, timufunse mwaulemu kuti akufuna achite nacho chiyani ndipo akachisunga kuti.